Funsani Amalume: foni ndinagula ndekha, nanga kiyi wake akusunga ndani?

Moni nonse a kuno ku chigwa, kuyambira pa Thabwa kutsetsereka mpaka ku Marka, osaiwala a tsidya lija la East Bank. Mwezi uno mauthenga anu ambiri agwera pa nkhani imodzi, ya maloko a mu foni, ena akuti bootloader ena akungoti foni yanga yalokedwa thandizeni, nde ndati bola tikambe yokhayi mpaka imveke. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse.

FUNSO: Amalume ine ndi mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto pa Bangula. Ndili ndi Redmi yomwe ndinagula ya kaunjika ku Limbe zaka zitatu zapitazo, pano yayamba kulemera zedi kuti itsegule WhatsApp mpaka kasitomala amakwera ina, komanso muli ma apu ambirimbiri oti sindinaikemo ine ndipo akukana kufufutika. Ndinaona pa YouTube wina akuti ukatsegula bootloader umaika Android yatsopano foni nkukhala ngati yanyuwani. Nzoona zimenezi? Nanga bootloader yo nde chani? Yogulira ina ndilibe amalume. Takhuta.

YANKHO: Mphwanga, wachita bwino kufunsa usanagwire kanthu, paja safunsa anadya phula. Wa pa YouTube yo sananame ayi, koma wakuuza zokoma zokhazokha, zowawa wasiya.

Bootloader ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamayamba kudzuka ukangodina batani loyatsira foni, Android isanatsegule nkomwe maso. Nthawi ija sikirini imangoonetsa dzina la kampani, Redmi kaya Tecno kaya Samsung, nde kamakhala kali pa ntchito. Taganiza mlendo wafika mmudzi akufuna malo okhala, a nyakwawa sangomulandira, amayamba afunsa kalata yochokera kwa mfumu ya kwawo nkuyang'anitsitsa chidindo. Bootloader imachita zomwezo. Imayang'ana Android imene ili mkatimo, ikapeza chidindo cha kampani yopanga foniyo imaipatsa njira, ikaona kuti wina wagwiramo chidindo sichikugwirizana imakana, foni siyaka. A Google zimenezi amazitcha Verified Boot. Nde kutsegula bootloader ndi kuwauza a nyakwawa aja kuti kuyambira lero aliyense amene mwini khomo wabwera naye mlandireni, kaya kalata ali nayo kaya alibe.

Ubwino wake ulipodi, ndipo ine ndi mmodzi mwa anthu amene amaukonda. Pali anthu ongodzipereka mmaiko osiyanasiyana amene amaphika Android yawo yopanda zodzadza zija, yotchuka kwambiri ndi LineageOS, imene inabadwa pomwe inzake yakale CyanogenMod inatsekedwa kumapeto kwa 2016. Foni imene kampani inaitaya kalekale, sikuitumiziranso zatsopano, imatha kulandira Android ya zaka zaposachedwa nkuyambanso kupuma bwino. Si nkhani yongofuna kuoneka wozitsata ayi. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni onse a Android yochepera 5.0, anthu anangodzuka foni ili bwinobwino sikirini yosasweka koma yatha ntchito, ndipo mzere umenewo amausuntha nthawi ndi nthawi, tsiku lina udzafika pa yakoyo.

Tsopano zowawa zija. Choyamba, ukangotsegula bootloader foni imafufuta ZONSE. Zithunzi, manambala, mauthenga, nyimbo, chilichonse chili mu memory ya mkati. Si kulakwitsa kwa wokonza ayi, anazipanga dala kuti wakuba asamatsegule nkuwerenga za mwini wake. Izi ndimazinena mobwereza chifukwa zinandichitikira. Zaka zapitazo ndinatenga foni ya achemwali anga kuti ndiwakonzere, ndinawafunsa kuti muli zofunika, anati aaa palibe manambala ali mu simu. Ndinadina. Madzulo ake tili pa mkeka panja chifukwa mnyumba simunkakhalika ndi kutentha, anaitenga nkuyamba kufufuza mu WhatsApp, kufufuza, kenako anangoti zii ataigwira mmanja onse awiri. Munali mawu a malemu mayi athu akuimba nyimbo ya ku tchalitchi, anawajambula miyezi iwiri asanatisiye, kwina kulikonse kunalibe. Sanandikalipire. Mpaka lero ndikagwira foni ya munthu ndimayamba ndakhala naye pansi tione limodzi chimene chili mkati, chifukwa munthu ukamufunsa mwachangu amakumbukira manambala okha.

Nde usanachite kalikonse koperera zithunzi pa kompyuta kapena pa memory khadi, manambala akwere ku akaunti ya Google, WhatsApp uisungitse ku Google Drive. Ndipo kodi pasiwedi ya Gmail yako ukuidziwa? Ambiri kuno Gmail anawatsegulira ndi wogulitsa foni kapena mwana wa a neba, iwo sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Ngati suidziwa konza zimenezo kaye.

Kachitidwe kake pa mafoni ambiri a Android nkotere. Umalowa mu Settings, About phone, nkudina pa Build number kasanu ndi kawiri, pa Redmi umadina pamene palembedwa MIUI version kapena OS version. Pamatseguka chipinda chobisika chotchedwa Developer options, mmenemo umayatsa OEM unlocking ndi USB debugging. Kenako pamafunika kompyuta ndi chingwe chabwino, foni umaiyatsa mu fastboot, momwe imangodikira malamulo ochokera pa kompyuta, ndipo pa mafoni ngati Google Pixel umangolemba pa kompyuta fastboot flashing unlock nkuvomereza pa foni, basi yatseguka. Koma Xiaomi, eni ake a Redmi, sapereka kiyi chonchi. Amafuna ukhale ndi Mi Account yolumikizidwa ku foniyo, pulogalamu yawo ya Mi Unlock pa kompyuta, ndipo kwa nthawi yaitali ankadikiritsa anthu maola 168, sabata yathunthu. Chibwerereni HyperOS, Android yawo imene inalowa mmalo mwa MIUI, anakhwimitsanso, umayenera kuyamba wapempha chilolezo kudzera pa apu ya Xiaomi Community. Yakoyo poti ndi ya kaunjika yang'ana ngati Mi Account ya mwini wake wakale inatulukamo, ikakhala ikadalimo usayerekeze kufufuta foni, idzakufunsa pasiwedi ya munthu woti sumudziwa.

Pamene pamafera mafoni ambiri ndi pa fayilo yolakwika. Dzina la pa bokosi silokwanira mphwanga. Redmi Note 8 ya 2019 ili ndi injini ya Snapdragon, Redmi Note 8 ya 2021 ili ndi ya MediaTek, dzina limodzi koma mkati nzosiyana ngati mapira ndi mpunga, ukaika za inayo mu inzake foni imangoti zii osayakanso ngakhale kuonetsa kuti ikutchaja. Nde pita pa tsamba la LineageOS upeze foni yako yeniyeniyo, ngati palibe, zisiye. Ma fayilo ongotola mmagulu a Telegram oti sukudziwa anaphika ndani, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, iweyo ukhala ukulemba PIN ya ndalama zako pa Android ya munthu wosamudziwa. A Tecno, Itel ndi Infinix amene ndi ochuluka kuno, onsewa ndi a kampani imodzi ya Transsion ya ku China, pa mndandanda wa LineageOS simudzipezapo kwenikweni, nde kwa inu phindu lotsegula ndi lochepa kwambiri.

Kenako magetsi. Tonse tikukumbuka mmene tinkakhalira mu mdima namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, ndipo mpaka pano magetsi athu salonjeza. Akazima uli pakati pofulasha, kuika Android ina mu foni, ndi kompyuta ya pa tebulo, foni yapita. Gwiritsa ntchito laputopu ya batire lamoyo, foni ikhale yodzadza kupitirira theka, ndipo uchite mmamawa kusanatenthe, osati masana a Okutobala pomwe pa Bangula foni imatentha yokha ili mthumba.

Ukandifunsa maganizo anga, foni imeneyo ndi ofesi yako, makasitomala amakupezera pomwepo, ndalama zimalowera pomwepo, ndipo ina ulibe. Yamba wayesa zosaopsa. Ma apu okana kufufutika aja ambiri amalola kuwagoneka, lowa mu Settings, Apps, dina Disable pamene ikupezeka. Wokonza mafoni wodziwa ADB, njira yolamulira foni kudzera pa chingwe, atha kukuchotsera ambiri ndi kompyuta osatsegula bootloader nkomwe, osafufuta chithunzi ngakhale chimodzi. Tsegula WhatsApp, Storage and data, uone mavidiyo a mmagulu a mpira ndi a maliro mmene adzadzira, nthawi zambiri foni yolemera imakhala yangokhuta. Ika Facebook Lite mmalo mwa yaikulu ija. Komanso ona kumbuyo ngati chivindikiro chatukuka, batire likatupa ndi kutentha kwathu kuno foni imachita ulesi nkumazima yokha, pamenepo ngakhale Android yatsopano siingathandize. Zonsezi zikakanika nde tikambe zotsegula.

FUNSO: Achimwene, ine ndimagulitsa nsomba zouma pa msika wa Nchalo. Mwana wanga ali ku Joni ananditumizira foni yabwino ndithu koma ndikaika simu yanga ikulemba za chizungu kufuna nambala, TNM yakana Airtel yakananso. Wokonza wina wati nditsegule bootloader ndimupatse ndalama. Ndipereke?

YANKHO: Mayi, musapereke kaye. Loko wanuyo ndi wina, si bootloader. Mafoni ambiri otchipa ku South Africa amagulitsidwa ndi makampani a netiweki ngati Vodacom kapena MTN, amatsitsa mtengo koma nkuimanga foni kuti izidya simu yawo yokha. Mawu akukulemberaniwo mwina ndi akuti SIM network unlock PIN. Kiyi wake ndi nambala imene imachokera ku kampani imene inagulitsa foniyo, ndipo amaipanga potengera IMEI, nambala ya foni yanuyo ya manambala 15. Dinani *#06# ituluka pa sikirini, ilembeni pa pepala mumutumizire mwana wanu, iyeyo apite ndi risiti komwe anagula akapemphe nambala yotsegulira. Kutsegula bootloader pakokha loko ameneyu sikumuchotsa, mungotaya ndalama ndi zithunzi za zidzukulu.

Chonde musamangolembapo manambala ongoganizira kapena kupatsa ana aziyesa, mwayi woyesa ndi wowerengeka, ukatha foni imauma mutu kuposa poyamba. Ndipo ena amaganiza kuti poti kuno tayandikana ndi Mozambique angogula simu ya Vodacom ya uko, kawirikawiri siilola, loko amayang'ana dziko ndi kampani pamodzi. Podikira, foniyo imagwira ntchito pa Wi-Fi, wina wa pakhomo akakuyatsirani hotspot WhatsApp muziyankhula naye mwana wanu bwinobwino. Mumuuzenso kuti ulendo wina pogula azifunsa ngati foni ili yotsegula ma netiweki onse asanalipire.

FUNSO: Bambo, ndinatenga foni ya ngongole yolipira pang'onopang'ono, ndikachedwa tsiku limodzi imatseka kungosiya sikirini yondiuza ndilipire. Chaka chino madzi anakokolola munda wanga wa ku dimba, ndalama palibe. Anzanga akuti bootloader imachotsa zimenezi. Ndiphunzitseni. Ndine wa ku Nsanje, dera la kwa Ndamera.

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri ndi za mundazo, amene sanaonepo Shire atakwiya sangamvetse kuti munthu amagona ali ndi chimanga nkudzuka ali ndi mchenga. Koma pa ichi sindikuphunzitsani, ndipo ndikuuzani chifukwa chake mosabisa. Foni imeneyo simunamalize kugula, nde kiyi akadali wa amene anakukongozani, mwasayina nokha. Kuthyola loko ameneyu ndi kuthawa ngongole, ndipo atha kukutengerani ku bwalo. Ufulu umene ine ndimaumenyera ndi wa munthu amene walipira yonse.

Komanso anzanuwo akukunamizani pa kagwiridwe kake. Mafoni a ngongole amabwera batani la OEM unlocking atalitseka kale, ndipo loko wake samangokhala mu foni mokha, amakhala atalembetsa nambala ya foniyo ku makompyuta a kampani, pa Samsung zimayendera mu chitetezo chawo chotchedwa Knox. Wokonza atha kufulasha, kukulipiritsani, foni nkuoneka ngati yamasuka, tsiku loti mwayatsa data loko uja nkubwerera. Mwaluza kawiri.

Chimene ndingakulangizeni, musabisale. Pitani kwa ejenti amene anakupatsani foni kapena imbani nambala ya pa pepala la mgwirizano, afotokozereni za madzi, ngati muli ndi kalata ya amfumu kapena ya komiti yoona za ngozi mmudzi itengeni, pemphani akusinthireni kalipiridwe. Werenganinso pepalalo muone kuti mwalipira zingati, zatsala zingati, ndipo mukadzamaliza onetsetsani kuti akuchotserani loko wawo yense, musadzangokhulupirira pakamwa. Akadzakana mutamaliza kulipira, pamenepo nde mudzandilembere, pali bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lomwe limamva madandaulo a ogula.

FUNSO: Amalume zanga zada kale. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kufupi ndi Ngabu, mphwanga anatsegula bootloader ya Samsung yanga nkuika chinachake akuti root. Pano ikamayaka imayamba yalemba chenjezo, ndipo apu ya ku banki komwe kumalowera malipiro anga yakana kutseguka. Ndingabwezere bwanji mwakale?

YANKHO: Aphunzitsi, mtima pansi, zambiri zimabwerera koma osati zonse. Chenjezo limenelo si matenda, ndi a nyakwawa aja akungolengeza mmawa uliwonse kuti pakhomo pano chitseko nchosatseka. Apu ya banki nayo sinaonongeke. Ma apu a ndalama ambiri amafunsa kaye kwa Google ngati foni ili mmene inachokera ku fakitale, njira yake imatchedwa Play Integrity, kale inali SafetyNet, nde yanuyo ikulephera mayeso amenewo. Ine sindiwada a banki pa ichi. Root ndi kupatsa munthu makiyi a zipinda zonse, pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Magisk, ndipo apu iliyonse imene mwailola kulowa pamenepo itha kuwerenga ngakhale ma meseji a manambala achinsinsi a banki aja. Mphwanuyo mwina akuuzani kuti pali njira zoibisa kuti banki isaone, zilipodi koma zimagwira lero mawa Google yatseka, malipiro a mwezi si oseweretsa chonchi.

Pakadali pano gwiritsani ntchito njira ya ma kodi, ija yodina nyenyezi. *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba, ndi ya banki yanu, zimenezi zimayenda pa netiweki osati pa apu nde sizifunsa za bootloader.

Kubwezera kuli ndi ndondomeko yake ndipo mukaitembenuza foni imafa. Poyamba sungani zanu zonse chifukwa ifufutanso. Kenako aikemo Android yeniyeni ya Samsung ya modelo yanuyo ndendende, nambala ija yoyamba ndi SM, pa Samsung amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ya Odin foni ili mu Download mode. Foni iyake, muone kuti zonse zili bwino, root yachoka. Pamenepo pokha nde mutseke bootloader. Mukatseka muli zachilendo mkati, a nyakwawa apeza mlendo wopanda chidindo chitseko atakhoma kale, foni siyakanso. Pitani kwa wokonza amene anachitapo zimenezi, mufunseni kuti ayamba chani, akanena kuti ayamba kutseka nyamulani foni yanu muzipita.

Chimene sichibwerera ndi Knox. Mkati mwa Samsung muli kafyuzi kakang'ono kamene kamapsa kamodzi kokha mukangoika root kapena Android yosakhala yawo, mu Download mode pamalembedwa 0x1 mmalo mwa 0x0, ndipo palibe wokonza angakabwezere pokhapokha kusintha bolodi yonse. Secure Folder ndi Samsung Pass zimatsanzika pomwepo. Koma kuimba, WhatsApp, kamera zonse zigwira, ndipo ma apu ambiri a banki amavomeranso bootloader ikatsekedwa bwino.

FUNSO: Ndagula foni kwa munthu pa Dyeratu motchipa, nditaifufuta ikufuna akaunti ya Google ya mwini wakale. Nditani?

YANKHO: Achimwene, ameneyo ndi loko winanso, FRP, anabwera ndi Android 5.1 mu 2015 kuti foni yobedwa isamagwire ntchito ikafufutidwa. Kiyi wake ali ndi mwini akauntiyo basi. Bwererani kwa amene anakugulitsani alembepo Gmail ndi pasiwedi yake inu muli pompo. Akayamba kuzungulira kapena nambala yake yasiya kupezeka, dziwani kuti mwina mwagula ya wina amene akulira kwinakwake, ndipo apolisi akaipeza mmanja mwanu wofunsidwa ndinu, bola mukanene nokha. Pogula ya kaunjika muuzeni wogulitsa aifufute pamaso panu, muiyatse limodzi mpaka ifike pa sikirini ya ma apu, muikemo simu yanu muimbe, kenako ndalama.

FUNSO: Mwana wanga, ine ndi wopuma pa ntchito ndimakhala pa boma pa Chikwawa. Ndawerenga zimene mumalemba ndipo chikundivuta nchimodzi. Njinga yanga ndinagula, ndikafuna ndimasintha chishalo, matayala, ngakhale kuipenta, a fakitale sandifunsa. Nanga bwanji foni yogula ndi ndalama zanga za penshoni ndizichita kupempha chilolezo kwa anthu a kutsidya la nyanja? Kodi ndi yanga kapena ndikubwereka?

YANKHO: Bambo anga, funso lanuli ndi limene limandisowetsa tulo inenso. Makampani ali ndi mfundo yawo ndipo siyopanda nzeru. Mu foni muli ndalama, muli zinsinsi, njinga ilibe zimenezo. Bootloader yotseka imateteza agogo amene sadziwa kalikonse za izi kuti wina asawaikire zowabera atasiya foni pa malo otchajitsa. Kuti foni izibwera yokhoma ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Chimene ndikukana ndi chakuti akhome nkuponya kiyi mu Shire.

Ndipo ndi kumene zikupita. Huawei inasiya kupereka manambala otsegulira mu 2018. Asus inachotsa pulogalamu yake yotsegulira mu 2023. Xiaomi ndanena kale mmene akuvutitsira. Samsung, imene mafoni ake ogulitsidwa ku America anali okhoma kale, mu 2025 ndi Android yawo ya One UI 8 batani lija la OEM unlocking linasowa pa mafoni a maiko enanso. iPhone nde chiyambire sinalolepo. Otsala amene amapereka kiyi mosavuta ndi ochepa, Google Pixel, Fairphone ya ku Netherlands, ma Motorola ena, ndipo ambiri mwa amenewa si mafoni oti muwapeza pa Nchalo. Chodabwitsa nchakuti mtima wa Android ndi Linux, imene anthu anaipanga kuti aliyense aziona mkati nkusintha momwe afunira, makampani anaitenga ulele nkumangapo nyumba ya mpanda.

Amene amapweteka ndi ife. Munthu wa ku Ulaya foni ikakalamba amagula ina, yakale ija nde imakwera sitima kubwera kuno, imafika ili ndi zaka zitatu kapena zinayi kale, ife nkuigwira zaka zinanso zisanu mpaka manambala a pa chivindikiro kufufutika. Google kuyambira pa Pixel 8 mu 2023 ndi Samsung pa Galaxy S24 mu 2024 analonjeza zaka 7 akutumiza zatsopano, zabwino ndithu, koma ndi mafoni a mtengo woposa ng'ombe ya pa msika wa Ngabu. Otchipa amene timagula ife ambiri amawasiya msanga, ena chaka chimodzi kapena ziwiri basi, mabowo a chitetezo osatsekedwanso. Nde kampani ikuti sitikulola kutsegula pofuna kukuteteza, pomwe iyo yomweyo inasiya kalekale kukuteteza, pamenepa mpamene ine magazi amandiwira. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 tinaona tokha kuti foni si chidole, ndi imene inkauza anthu kuti madzi akubwera thawirani kumtunda, ndi imene abale ankapezerana mmisasa, ndi imene thandizo la ndalama linkalowera. Chinthu chotere sichiyenera kufa chifukwa wina ku ofesi yakutali waganiza kuti chakalamba.

Maiko a European Union anachitapo kanthu, kuyambira pa 20 Juni 2025 foni yatsopano yogulitsidwa kumeneko iyenera kulandira zatsopano kwa zaka zosachepera 5 atasiya kuigulitsa, ndipo zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 7. Lamulo limenelo silikakamiza kutsegula bootloader, koma likuonetsa kuti boma likalankhula makampani amamva. Ine pempho langa ndi laling'ono. Tsiku limene kampani yasiya kusamala foni, ipereke kiyi kwa mwini wake, amene akufuna atsegule amene sakufuna asiye. Ndipo kwathu kuno ndikanakonda a MACRA ndi a bungwe la ogula la CAMA atalimbikira zoti wogulitsa aliyense, wa mu shopu kaya wa pa benchi, azinena poyera maloko amene ali mu foni ndi chaka chimene idzasiye kulandira zatsopano, munthu asanatulutse ndalama ya thonje ya chaka chonse. Inuyo bambo muli ndi nthawi komanso cholembera, kalata ya munthu wamkulu ngati inu kwa phungu wa dera lanu imalemera kuposa yanga, ilembeni ndipo munditumizireko ndidzaiike pa tsamba lino.

Mphwanga wa pa Bangula, usanapite kwa wokonza aliyense nditumizire modelo yeniyeni ya Redmi yakoyo, ili mu About phone, ujambule sikirini yonseyo koma ubise IMEI, ndikuonere ngati ili pa mndandanda wa LineageOS. Undiuzenso ngati chivindikiro chatukuka.